Zafanana, Alamu

Pakampani yonse panali kompyuta imodzi yokha imene pulogalamu yosindikiza malipoti a ana asukulu inkagwirapo ntchito, ndipo inali laputopu ya a Katakwe, mkulu wodzimva amene ankayenda chifuwa patsogolo chifukwa cha zimenezo. Tsiku limeneli bwana wawo, mayi wosakonda kubwereza mawu, anawauza kuti pulogalamuyo igwirenso pa seva yatsopano, kompyuta yaikulu ya kampani, iye asanabwere ndi eni sukulu masana. Apo ayi aipereka kwa anyamata a chipinda chinacho, ndipo a Katakwe azikasintha inki m'mapulinta.

Vuto lake linali lodziwika. Pulogalamu imayenda ndi malaibulale, zigamba zolembedwa ndi anthu ena zimene umangobwereka, ndipo laibulale iliyonse ili ndi veshoni, kanambala kosonyeza m'badwo wake. Za pa laputopu zinali zamakedzana, za pa seva zinali zadzulodzuloli. Bwana anati maveshoniwo afananizidwe. A Katakwe, amene sanalolepo munthu kusuzumira manambala awo, anasiyira ntchitoyo mlamu wawo poona kuti mutu wake susunga kanthu, sangawabere chinsinsi. Mlamuyo anali mwamuna wa mlongo wawo, bambo wadazi amene analowa ntchito chifukwa cha misozi ya mkazi wake, ndipo chimene wauzidwa ankachichita osaonjezera, osachotsera. Atamusiyira, a Katakwe anapita kokameta kuti alendo adzawapeze akuwala.

"Alamu, mwafika pati?" anafunsa pobwera, akudziyang'ana pagalasi la zenera.

"Ndamaliza, alamu."

"Mwamaliza? Inuyo?"

"Ineyo."

"Maveshoni mwawaona?"

"Onse."

"Afanana?"

"Ndendende."

A Katakwe anaseka ndi mphuno, n'kukhala pampando wawo wozungulira.

"Ha! Anyamata aja ndi madigiri awo amve zimenezi. Ntchito yatha ndi munthu wotayipa ndi chala chimodzi."

"Ziwiri, alamu," anatero mlamuyo, akuzionetsa.

"Eya, ziwiri. Tsegulani tsamba la seva tione malipoti akutuluka."

"Sakutuluka."

"Mwati bwanji?"

"Sakutuluka. Ikungolemba zofiira."

Mpando unasiya kuzungulira.

"Ndiye kuti sizinafanane."

"Zafanana."

"Alamu, zikanafanana bwenzi malipoti akutuluka."

"Za malipoti simunanene. Munati maveshoni afanane."

"Nanga tikuwafananizira chiyani? Kuti tiwajambule chithunzi?"

"Chifukwa chake simunandiuze."

"Ayi ndithu, mlongo wanga anasankha ndi maso otseka," anadandaula a Katakwe, akuyang'ana kudenga. "Tamverani kuno. Ine ntchito imeneyi ndinaiyamba inu mukadali ndi tsitsi. Ndikati sizinafanane, ndiye kuti sizinafanane."

"Mwina zasiyana muli panjira. Koma pamene ndimaziona zinali zofanana."

"Munaziona ndi maso ake omwewa?"

"Ndili ndi awa okha."

"Laibulale ya masamu?"

"Yafanana."

"Yojambula mabokosi a magiredi?"

"Yafanana. Imeneyo inavuta pang'ono, koma inagonja."

"Ya madeti?"

"Ngati mapasa."

A Katakwe anapukusa mutu mwachisoni, chisoni cha munthu wokondwa kuti mnzake walephera. Mumtima anali atapeza kale njira. Seva ikane, zilibe kanthu. Alendo akafika adzawaonetsa malipoti pa laputopu monga mwa masiku onse, adzauza bwana kuti seva yake ndi yachabechabe, ndipo aliyense adzakumbukiranso kuti popanda a Katakwe pakampanipo palibe chimene chingayende.

"Sunthani," anatero, akukoka laputopu. "Bwerani muone mmene chinthu chimagwirira chikakhala m'manja mwa mwini wake. Muyang'anitsitse, sukulu imeneyi ndi yaulere."

"Ndikuyang'ana."

Anadina batani ndi chala chapakati, mwamatama, nkhope atayang'ana kumbali. Atatembenuka anapeza sikirini yonse ili psuu.

"Iii!"

"Eya," anatero mlamuyo, akumwetulira.

"Ndi netiweki imeneyi."

"Netiweki ilipo, alamu."

"Ndiye ndi batire."

"Ili pamoto."

"Ndati ndi batire!"

Anazimitsa, n'kuyatsanso. Anapukuta sikirini ndi mkono wa malaya. Anadinanso, ulendo uno ndi chala cholozera ndiponso mwaulemu. Zofiira zinabwerera zonse, palibe inatsalira.

"Mwaona?" mlamuyo anayandikira, akuloza ndi cholembera. "Mzere woyambawu, ndi womwewo uli pa seva. Wachiwiriwu, womwewo. Ndinayerekeza mpaka pansi. Ngakhale zolakwika zake zafanana."

A Katakwe anatembenuka pang'onopang'ono.

"Alamu."

"Wawa."

"Mwaichita chiyani laputopu yanga?"

"Ndaifananiza."

"Ndi chiyani?"

"Ndi seva."

"Seva ndiyo imafunika kufanana ndi laputopu!"

"Aaa," anatero mlamuyo, akuganizira nkhaniyo mofatsa. "Zimenezo ndiye zikanakhalanso bwino."

"Zikanakhalanso bwino! Mukumva zimene mukunenazo?"

"Koma simunanene kuti iti itsatire inzake. Munati, alamu, izi ndi izi zifanane. Munalozanso ndi manja onse awiri."

"Mwana wa sukulu ya mkaka akanadziwa!"

"Kunalibe woti ndimufunse. Ndinakuimbirani inu."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri. Ali kokameta kuja, foni inalira makina ometera ali pakhutu, ndipo a Katakwe anayankha mofuula kuti ometa ndi onse odikira pabenchi amve kuti pampandopo pakhala munthu wofunika.

"Ndinati seva ikufuna pasiwedi," anapitiriza mlamuyo. "Inu munati chiyani?"

"Musandifunse mafunso ngati kukhoti."

"Munati pasiwedi ya seva simupatsa munthu, ngakhale mkazi wanu. Munati ndigwiritse ntchito chimene mwandisiyira."

"Ndiye?"

"Munandisiyira laputopu."

A Katakwe anamasula batani la pakhosi. Paudala amene ometa anawapaka anali atayamba kusanduka phala ndi thukuta.

"Chabwino, chabwino. Tisakangane. Maveshoni akale aja, munawaona bwanji? Munailembera lamulo lanji kompyutayo?"

"Lamulo lake ndinakufunsani."

"Ndinakuuzani?"

"Munati kodi ndikufuna munditafunire n'kundimezeranso. Ndinati ayi. Ndiye ndinafufuza ndekha."

"N'kupeza chiyani?"

Mlamuyo anawongola msana. Apa ndiye panali pomwe amadikira kuti ayamikiridwe.

"Ndinapeza kuti ukaiuza kompyuta kuti ichotse laibulale, imayamba yatchula veshoni yake. Imati, ndapeza yakutiyakuti, nambala yakuti, ndichotse?"

"Mayo ine! Ndiye inu mumati ayi?"

"Ndimati eya."

"Chifukwa chiyani, munthu wa Mulungu?"

"Nambala yake ndinali nditaiona kale. Komanso inali yosiyana ndi ya pa tsamba la seva. Ndikachotsa ndimaikanso, ndipo yobwerayo imabwera yatsopano, yofanana ndi ya pa seva. Ndinadabwa nane kuti ntchito yake ndi yophweka chonchi."

"Zingati mwachotsa?"

"Zonse."

"Zonse?"

"Munati ndisadumphe ngakhale imodzi."

A Katakwe anaimirira, anayenda kukafika pakhomo, n'kubwerera. Kuseri kwa khoma anyamata aja ankaseka zawozawo, koma kwa iwo zinamveka ngati akuseka iwowo. M'maso mwawo munabwera pulinta ya m'chipinda cha alembi, ija imatafuna mapepala, ndi iwo atagwada pansi manja ali bii ndi inki.

"Palibe vuto," anatero. "Tibwezeretsa zakale. Ndipatseni pamene mwalemba manambala aja."

"Sindinalembe."

"Simunalembe?"

"Munaletsa. Munati wolemba manambala anu papepala ndi mfiti yofuna mpando wanu."

"Ndimanena anyamata aja!"

"Munanena mukuyang'ana ine."

"Chabwino! Kwezani sikirini m'mwamba, zimene kompyuta imayankha zija zikadalipo."

"Ndinafufuta."

"Munafu... Alamu, mwatumidwa? Wakutumani ndani?"

"Inu. Munati ndikamaliza pasatsale phazi langa pa laputopu yanu. Ndafufuta zonse, ndi mbiri ya malamulo yomwe. Ndapukutanso kiyibodi, munali nyenyeswa zambiri."

"Nyenyeswa zinali zanga!"

"Zili mu bini, ngati mukuzifuna."

A Katakwe anagwira tebulo ndi manja onse. Munthu wina aliyense akanakhala ndi kope la zonsezi penapake. Iwo analibe, chifukwa ankati kope ndi khomo la akuba. Nzeru imeneyi ankaiphunzitsanso ena pa nthawi ya tiyi, mwaulere.

"Koma munawaona," anatero mofatsa, ngati akunyengerera mwana kuti alavule ndalama yachitsulo. "Ndi maso anu. Kumbukirani, alamu anga. Ya masamu inali nambala yanji?"

Mlamuyo anatseka maso. Anakhala choncho nthawi ndithu, milomo ikugwedera.

"Munali kadontho pakati."

"Onse ali ndi kadontho!"

"Ndiye ndakumbukira onse."

"Manambala, alamu, manambala!"

"Ina inali ndi 2. Kapena inali 7 yopendekeka. Munati ndione, simunati ndiloweze. Paja munanena nokha kuti mwandisankha chifukwa mutu wanga ndi sefa."

"Munamva zimenezo?"

"Munanena kawiri."

Apa munthu wanzeru akanagogoda pachipinda chinacho n'kupempha thandizo, poti safunsa anadya phula. Mlamuyo, ndi umbuli wake wonse, anaganizako zimenezo.

"Ndiwaitane anyamata aja?"

"Ndiyambe ndafa."

"Ndiye ndidikire?"

"Khalani pansi! Manambala amenewo ali muno," anatero a Katakwe, akugogoda pamutu pometedwa kumene. "Ndagona nawo, ndadzuka nawo. Sindifuna pepala ine, sindifuna mwana wa munthu. Tayipani zimene ndikuuzeni. Ya masamu, ikani 2.4."

Zala ziwiri zija zinagwira ntchito, chimodzi chikudikira chinzake.

"Ikuti veshoni imeneyo kulibe."

"Yanama."

"Ndilembe kuti yanama?"

"Musalembe! Ikani 2.6."

"Kulibenso."

"Anaichotsa dala. Anthu amenewa ndi ansanje."

"Ndani, alamu?"

"Eni ake laibulale! Ikani 3.1."

"Iyi ndiye yalowa."

"Mwaona? Mwaona? Ndinakuuzani kuti zili muno. Yatsani pulogalamu."

Mlamuyo anayatsa. Zofiira zinabwera zochuluka kuposa poyamba, mpaka zina kusefukira pansi pa sikirini.

"Alamu, pali vuto," anatero ndi nkhope yodandaula.

"Ndikuona, sindine wakhungu."

"Tsopano zasiyana ndi seva."

"Zisiyane! Ndi zimene tikufuna!"

"M'mawa mumafuna zifanane."

"M'mawa ndi m'mawa!"

"Ndiye masana ano tikufuna zisiyane ndi seva, kenako seva ifanane nazo?"

"Eya!"

"Zikadzafanana tidzazisiyanitsenso?"

"Alamu, ndikuponyerani stepula iyi."

Mlamuyo anasuntha stepula n'kuiika mu dirowa, kuti alamu ake asachimwe.

Anayesa nambala ina, ndi ina. A Katakwe anatchula chaka chimene anabadwa, nambala ya nyumba yawo, ndi ina imene inangowabwerera. Kompyuta inakana zina, inalandira zina, ndipo imene yalandira inkakangana ndi inzake: ya masamu ikalowa, ya madeti imati sindikhala ndi ameneyu. Chinsinsi chimene anachilondera zaka zonsezi ngati galu pa fupa, eni akewo sankachidziwa. Ankangodziwa kuti chili m'kati mwa laputopu.

"Bwezerani mmene zinalili," anatero potsiriza, atafooka.

"Mmene zinalili liti?"

"Ndisanakhale pampando uno."

"Zofanana ndi seva?"

"Eya, zofanana ndi seva! Zofiira zake zinali zochepako."

"Ndiye mwavomera kuti zinafanana."

"Tayipani!"

Mlamuyo anatayipa mosangalala, akuimba kanyimbo ka m'kamwa. A Katakwe anamuyang'ana padazi pake ponyezimira, ndipo mkwiyo umene unali utagona unadzukanso.

"Mukudziwa kuti mwandipha? Ine, munthu amene ndinakupezerani ntchito. Ndinakagwada kwa bwana chifukwa cha inu. Lero ndikanena kwa mlongo wanga, adziwe chimene akusunga m'nyumba."

"Iyeyo ndi amene anandilangiza."

"Kuti muwononge laputopu yanga?"

"Kuti ndizichita chilichonse chimene achimwene ake anena, ndisamaonjezere nzeru zanga. Anati inu simukonda anthu anzeru pafupi nanu."

"Anatero?"

"Ananena akusita malaya awa."

"Tamverani, alamu, ndipo mumve ndi makutu onse awiri." A Katakwe anawerama mpaka mphuno zawo kutsala pang'ono kugundana. "Munthu si foni yongobwereza zimene wailankhula. Munthu amaganiza. Wina akakuuzani chinthu, muzidzifunsa mumtima kuti, kodi ameneyu akufuna chiyani kwenikweni? Osati mawu ake okha, koma chimene chili kuseri kwa mawuwo. Mwamva?"

"Kuseri kwa mawu."

"Eya! Muziganiza!"

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pano!"

"Chabwino, alamu. Ndayamba."

Ndipo anayambadi. Anakwinya chipumi, n'kuyang'ana khoma ngati munthu wonyamula thumba lolemera. A Katakwe anali pafupi kumuuza kuti asachite kudzipweteka, pamene foni ya patebulo inalira. Onse awiri anaiyang'ana. Manja a a Katakwe anali onyowa moti sanathe kugwira chomvera, choncho anangodina batani loti mawu amveke m'chipinda chonse.

"A Katakwe," anali bwana, kumbuyo kwake kukumveka zitseko za galimoto ndi mawu a alendo. "Tafika, tili pageti ndi eni sukulu. Ndili ndi funso limodzi lokha ndisanawakweze kumeneko. Maveshoni aja afanana?"

Nkhope ya a Katakwe inawala pang'ono, ngati ya munthu amene waona kampata m'mpanda. Funso linali limenelo basi. Akayankha lokhalo sananame, ndipo alendo akamakwera masitepe, kupatsidwa mipando ndi kumwa madzi, iwo adzakhala atapeza wina womukankhira mlandu: magetsi, seva, ngakhale dazi linali pafupi nawolo. Anakonza kolala, n'kutulutsa mawu awo a pamisonkhano.

"Afanana, bwana."

"Zoona?"

"Ndendende. Laibulale iliyonse. Ndayang'anira ndekha."

"Mwagwira ntchito. Ndimada nkhawa pachabe. Tikubwera."

A Katakwe anatambasula chala kuti adule. Mlamuyo anawagwira dzanja mwaulemu, n'kuweramira pa foni, nkhope ikuwala ndi chimwemwe cha munthu amene ganizo lake loyamba lamufikira.

"Pepani bwana, musadule kaye. Alamu, ndaganiza monga munandiuzira. Ndikuona ngati kuseri kwa mawu awo, abwana akufunsa ngati pulogalamuyo ikugwira ntchito."